Fisi ndi Foni Yake Yatsopano

Padangokhala Fisi, amene atagulitsa soya chaka chimenecho anagula foni yaikulu, ija yopanda mabatani. Tsiku lomwelo, akudutsa pa chiwaya, Kalulu anamukodola.

"Amalume, chiphaso changa cha unzika chinatayika. Mukudziwa kuti chichokereni mu 2018 a MACRA salola simu khadi yosalembetsa. Mundibwerekeko chanu kamphindi chabe."

Ankalankhula atanyamula mbale ya kanyenya wa mbuzi, wotentha, wothira tsabola. Fisi anapereka chiphasocho m'kamwa muli tho.

Sipanathe sabata, foni ija inayamba kumusowetsa mtendere. Bandulo ya sabata yathunthu inkatha usiku umodzi iye akuliza mkonono. Batire ikadzadza m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo inali itatha. Tchaja nayo ankachita kuitsamiritsa ndi mwala kuti igwire. Atatopa anapita kwa Fulu, yemwe ankatchajitsa mafoni ndi sola pa kagolosale kake magetsi akathima.

"Agogo, andigulitsa foni yolodzedwa."

Fulu sanayankhe. Anazimitsa foniyo, n'kutenga kamtengo ka machesi, n'kukapala ndi lezala mpaka kanapyapyala. Anatokosa pang'onopang'ono pakabowo kolowetsa tchaja, osakanikiza. Munatuluka kafumbi komatana, kakuda bii, kosakanikirana ndi ubweya wa Fisi yemweyo. Atalowetsa tchaja, inagwira nthawi yomweyo.

"Mfiti yoyamba ndi iyi," anatero Fulu, akumuonetsa kanyansi kaja pachikhatho.

Yachiwiri anaipeza pa WhatsApp. M'gulu la nyama za kudambo a Pusi ankatumiza mavidiyo usiku wonse, ndipo foni inkawatsitsa yokha, mwini wake asanawafune. Fulu anatseka zimenezo, anachepetsa kuwala kwa sikirini, n'kumuuza kuti azizimitsa intaneti akamagona.

"China, mwanawe. Uthenga ukabwera woti ndalama zalowa, uziyamba waona balansi. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, osati nambala wamba. Ndipo ukamatumiza ndalama, dzina la wolandira limaoneka usanalowetse PIN. Uziliwerenga."

"Zimenezo ndi za ana, agogo," anatero Fisi ali kale pakhomo.

Lachisanu madzulo foni inalira. Uthenga unati K80,000 yalowa. Fisi anawerenga katatu, malovu akuchucha. Posakhalitsa wina anaimba akusisima, n'kunena kuti zinali ndalama za bokosi la maliro, ndipo analakwitsa nambala imodzi. Fisi anadula foni. Anaimbanso, anadulanso.

Kachitatu anali mawu ena, odekha, aulemu.

"Muno ndi ku ofesi, bwana. Mwini ndalama zija wadandaula, ndiye tikuzibweza pompano. Koma mukafuna kuti zikhazikike kwa inu, dinani manambala amene ndikuuzeniwa. Fulumirani."

Apa m'pamene pamandipweteka, chifukwa Fisi sanali mbuli. Ankadziwa kuwerenga, ndipo anali atachenjezedwa. Koma mtima unali utadya kale ndalama za anamfedwa. Anadina nambala iliyonse monga anamuuzira. Dzina linaoneka pa sikirini, iye osaliyang'ana n'komwe, n'kulowetsa PIN yake. Atafunsa balansi anapeza kuti K60,000 imene ankasungira feteleza yapita. K80,000 ija sinalowepo chiyambire.

M'mawa mwake anathamangira kubwalo la mfumu Mkango, akulira mokweza kuti mudzi wonse umve. Za bokosi la maliro sanatchuleko. Anapeza pabwalopo patadzaza kale. Mbawala anaberedwa fizi ya mwana wake, Nungu ndalama za kuchigayo, Njati zonse za fodya wa chaka chino. Aliyense atatchula nambala imene inamuimbira, inapezeka kuti ndi imodzimodzi.

Mkango anaitanitsa Fulu. Anafika dzuwa litakwera, atanyamula kafoni kake ka mabatani komanga ndi mphira.

"Zikomo mfumu, mundipatse nambalayo."

Analowetsa nambalayo ngati akufuna kutumizako K100, ndipo dzina litaoneka anaima pomwepo, osapitiriza. Anapereka kafoniko ndi manja awiri. Mkango anakayandikizitsa kumaso, n'kuwerenga mokweza.

"Fisi."

Bwalo lonse linati zii. Fisi anafuna kufotokoza za chiphaso, koma pofika pa mbale ya kanyenya mawu anamuthawa. Anayang'ana njira yotulukira, n'kupeza Njati waimapo kale, mphuno zikufuka.

Kumbuyo kwenikweni, pamthunzi wa mkuyu, panakhala Kalulu atavala nsapato zatsopano zonyezimira. Ndiye anayamba kukuwa.

"Amangidwe ameneyo! Ngakhale ndi malume anga, amangidwe!"