Nkhwangwa ikhulupirira mpini, koma mpiniwo adaufunsa?

Akuluakulu adati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Adanena ndi mtima wabwino, pofuna kutikumbutsa kuti munthu angatchuke bwanji, pamakhala wina amene wamunyamula. Koma akuluakulu aja adali aulemu mopitirira, nkhani adaisiyira panjira. Sadatiuze kuti pa chikhulupiriro chonsechi mpini umapezapo chiyani. Mukayang'anitsitsa nkhwangwa za m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, malipiro a mpini ndi awiri basi: kumenyetsedwa pamtengo tsiku ndi tsiku, kenako kukaphikira nyemba tsiku lomwe wathyoka.

Tiyambe ndi chitsulo, popeza ndicho chimakonda kutchulidwa poyamba. Ku America kuli anthu amene amatola misomali ikuluikulu yokhomera njanji, n'kuiwotcha, n'kuisula kuti ikhale tinkhwangwa tokongola. Amatipukuta mpaka kuwala, amatijambula, amationetsa pa YouTube, kenako amatipachika pakhoma pabalaza. Pakhomapo ndi pamalo pake ndithu, chifukwa msomali wa njanji adaupanga dala ndi chitsulo chofewerapo, choti sitima ikamadutsa chizipindika osati kuthyoka. Kaboni, amene amachititsa chitsulo kulimba chikazimitsidwa m'madzi, mumsomalimo amangofika pafupifupi magawo 3 pa 1,000 aliwonse. Nkhwangwa yotere mutaipereka kwa mlimi wa kwa Chakhaza kuti akadulire mitengo ya chigafa, dzuwa lisanafike paliwombo angakubwezereni ali chete, ndipo ubale ungathere pomwepo.

Wosula wa kwathu sadawerengeko za kaboni, koma mumuponyere zitsulo ziwiri pansi, amva kulira kwake n'kutola choyenera. Chimene amachifuna ndi sipuling'i ya galimoto, zitsulo zaphanthiphanthi zija zimasanjikizana kunsi kwa lole. Mmenemo kaboni amafika pafupifupi magawo 6 pa 1,000, ndipo mpeni kapena nkhwangwa yake imagwira kuthwa mpaka mwini kuiwala komwe adasiya mwala wonolera. Ndipo Mulungu sapatsa ntchito popanda zipangizo: misewu yafumbi yokwera m'mapiri a Ntchisi imagwira ntchito yothyola masipuling'i chaka chonse, nyengo ya mvula n'kumawonjezera maola. Dalaivala akamalira m'mbali mwa msewu, dziwani kuti kwinakwake wosula wayamba kale kugula makala.

Njanjiyo ili ndi nkhani yakeyake. Sitima idafika ku Salima mu 1935, idakwera mtunda kufika ku Lilongwe mu 1979, n'kupitirira mpaka ku Mchinji mu 1980. Ku Ntchisi sidapondeko. Komabe mukazungulira m'zipala za osula, si zachilendo kupeza chidutswa cha njanji chitakhala pachitsa, ndipo ndi pomwe amasulirapo, popeza njanji yeniyeniyo, mosiyana ndi misomali yake, ndi chitsulo cholimba kwabasi. Mukafunsa kuti chidafika bwanji kumapiri kuno, yankho limakhala limodzi kulikonse: "Ndidachipeza chili pomwepa." Palibe amene adachinyamula, chidangomera. Pano ndisaseke kwambiri, chifukwa wogulula zitsulo panjanji yomwe sitima ikuyendabe ndi mbala, ndipo ndi mbala yoti ikhoza kupha anthu osawadziwa n'komwe. Wosula wodzilemekeza amasiyanitsa chotayidwa ndi chobedwa.

Luso limeneli silidabwere ndi galimoto. Makolo athu chitsulo ankachitulutsa m'miyala, m'ng'anjo zadothi, ndipo zotsalira za ng'anjo zotere zikuonekabe kunkhalango ya Kasungu. Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, podutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 kuchokera ku Tete kupita kwa Kazembe, adalemba za chitsulo chawo ndi makasu awo. David Livingstone naye adachita chidwi ndi osula a Chimang'anja mu 1859. Amishoni a Dutch Reformed pofika ku Mvera mu 1889 adabweretsa zambiri, koma nkhwangwa adaipeza ili kale paphewa. Ng'anjo zidazima pamene makasu a m'sitolo ndi zitsulo zotayidwa zidachuluka. Ndani angatuwe ndi utsi usiku wonse kusungunula miyala pomwe lole yakufa ili gone kuseri kwa golosale?

Kaimeni pachipala tsiku la msika, kaya ku Mponela, ku Madisi kapena ku Malomo. Chimakhala chakumapeto, pansi pa mtengo, kupitirira ogulitsa mbuzi. Mvukuto wa chikopa cha mbuzi masiku ano udasowa. M'malo mwake pamakhala gudumu la njinga lopanda tayala, mnyamata akulizunguza ndi dzanja, lamba n'kumatembenuza kachipupizira kouzira mphepo m'makala. Mnyamatayo nkhope yake imakhala ya munthu amene adalonjezedwa kuti tsiku lina adzagwirako nyundo. Mkulu wosula amadula sipuling'i ikadali yofiira, amaipana ndi mbaniro, n'kuyamba kuimenya. Mbali imodzi amaitambasula kuti ikhale kukamwa kwa nkhwangwa, inayo amaisongola kuti ikhale msuka, mchira uja umalowa mumpini. Chitsulo chikayamba kuda amachibwezera pamoto osachikakamiza, popeza chozizira chimang'aluka. Pomaliza amaviika kukamwa kokhako m'madzi kapena mu oyilo wakuda wochoka mu injini, n'kumva chikuti tswii. Akachedwa kuchivuula chimauma mutu, chidzabenthuka pamfundo yoyamba. Akafulumira chimakhala chaulesi, chomangopindika. Zonsezi amaziyeza ndi diso.

Ndiye pamafika wogula. Amainyamula nkhwangwa, amaigogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu, amayesa kumeta nayo ubweya wa pamkono.

"Bambo, mtengo mwatchulawu ndi wa nkhwangwa kapena mwaphatikiza ndi lole yomwe?"

"Achimwene, lole idafa, iyi mudzasiyira adzukulu."

Amakangana mpaka thukuta, wina kunamizira kuchoka, wina kunamizira kusamuona. Akagwirizana, wogula amafunsa ngati wangokumbukira kumene: "Nanga mpini?" Wosula osadzutsa n'komwe mutu: "Mpini mukaonera konko." Pamsika wonse palibe amene adatayapo malovu kunenerera mpini.

Chonsecho mpini wabwino si ndodo wamba. Wodziwa amaudula pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu, kuti kumutu kwake kukhale chibuli cha mfundo, pomwe mitsempha ya mtengo idapotana ndipo singang'aluke msanga. Amausenda, amausema ndi kasemasema, amauumitsa pamthunzi. Tsiku lolowetsa nkhwangwa, amawotcha msuka mpaka kufiira n'kuubaya pachibulipo. Utsi fuu, mpini ukupsa. Amauzula, amauwotchanso, amaubayanso, mpaka utalowa bwino. Taonani mmene ubalewu umayambira: nkhwangwa imabwera yotentha, imaboola mnzake pamutu, n'kukhazikika pabalapo, ndiye akuluakulu n'kumati ikumukhulupirira.

Aliyense amene adaonako nyengo ya kampeni waizindikira kale nkhaniyi. Munthu amatulukira ali wofiira ndi malonjezo, atanyamula nsalu, mipira ya achinyamata ndi bokosi la maliro aliwonse a m'dera. Amalowa m'mudzi mpaka kukhazikika. Akapambana, mudzi umamunyamula paphewa zaka zisanu, iye akudula zake ku Lilongwe. Chiyambire ndale za zipani zambiri mu 1994 taonanso luso lina limene nkhwangwa ya kumudzi ilibe, loguluka yokha usiku n'kukadzuka m'mawa ili pampini wa mtundu wina, ikunena kuti yatsatira zofuna za anthu. Olemba malamulo a dziko adachita kuikapo Gawo 65 kuti aletse khalidweli. Gawolo lili ngati madzi amene timaviikamo nkhwangwa yogwedera usiku kuti mpini utupe: m'mawa imaoneka yolimba, dzuwa likatentha yayambanso kugwedera.

M'maofesi ndi chimodzimodzi. Bwana sadziwa komwe kumakhala kiyi wa chipinda chosungira katundu, sadziwa nambala ya pulambala, sadziwa kuti fayilo ya chaka chatha ili m'kabati iti. Amadziwa ndi mesenjala, amene wakhala pamenepo kuyambira bwanayo ali kusekondale. Koma ndalama zikasowa, amene amayamba kuitanidwa ndi mlonda ndi kalaliki. Bwana amangosamutsidwira ku nthambi ina. Kumudzinso palibe amene adatayapo nkhwangwa chifukwa yaguluka n'kutema munthu. Amaitola m'tchire, amaipukuta, n'kutukwana mpini kuti udali wosauma.

Ndipo wobwereka ndiye amaudziwa bwino mlandu umenewu. Nkhwangwa ikapita kwa aneba yathunthu, imabwera m'manja mwa mwana, chitsulo padera, mpini padera, ndi uthenga woti, "Akuti udali wosweka kale." Akuluwo sabwera okha. Mwana ndiye amaima pakhomo kulandira mawu amene adayenera kupita kwa bambo ake.

Koma kumene mwambiwu umaluma kwenikweni ndi pafodya. Dowa ndi dziko la fodya wa bale, ndipo aliyense wa kumeneko akudziwa amene amathirira nazale m'mawa dzuwa lisanatuluke, amene amapalira, amene amakhala m'chigafa kusoka masamba mpaka zala kuda bii, mwana ali kumsana. Mabelo akakwera lole kupita ku Kanengo, dzina lolembedwapo limakhala la bambo. Ndalama zikatuluka, abambo ena amayamba kudwala matenda osowa tulo kunyumba. Amapezeka pa Mponela atavala jekete, akuitanitsa zakumwa za tebulo lonse, akutchedwa "bwana" ndi anthu amene sadawaonepo. Masabata angapo akatha amabwerera kumudzi madzulo, kudzera njira ya kudimba, atanyamula kapaketi ka shuga ndi nkhani yaitali ya mitengo yoipa ya chaka chino. Mayi amawalandira, amawaikira madzi osamba, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Nanga feteleza wa chaka chamawa, bambo a mwana?" Yankho limakhala chifuwa. Mwezi wa Ogasiti ukafika, awiriwo ali limodzi kudambo kukonza nazale ina. Si amuna onse, ndikudziwa, ndipo amene akwiya powerenga ndime ino ayambe aonetsa malisiti.

Za foni sinditayapo nthawi. Mwaonapo nokha mnyamata wa foni yodula kuposa njinga, ataima pakhomo la ometa tsitsi kudikira kuti batire lidzaze pa sola ya eni ake.

Tisauchititse chisoni kwambiri mpini, nawo uli ndi mlandu wake. Mpini ndi mtengo. Udabadwira m'nkhalango, ndipo ndiwo umaperekeza chitsulo kukagwetsa abale ake. Popanda mpini, nkhwangwa ikadangokhala kachitsulo kopalira poto. Ovota nawonso amadziwa zimene akuchita akamalandira nsalu, ndipo mesenjala amadziwa envulopu imene wanyamula. Zotsatira zake zili poyera. Imani pamtunda uliwonse pakati pa Dowa ndi Ntchisi muone mapiri ali mbee, minda kukwera mpaka pamwamba, mitengo itapita ku zigafa, ku makala, ku mauvuni a njerwa. Chatsala chooneka ndi maso ndi nkhalango ya paphiri la Ntchisi, ija amati anthu ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. Kale nkhalango inkabisa anthu, lero ndi yomwe ikufuna alonda.

Ndiye nkhwangwa yadya mpaka kumaliza mitengo yomwe inkaipatsa mipini. Munthu amayenda mtunda kufunafuna nthambi ya mfundo yabwino, osaipeza. Ena amangodula bulugamu, amene amang'aluka msuka usanazizire n'komwe. Apa ndi pomwe alowererapo owotcherera zitsulo a m'matauni ang'onoang'ono, pamene magetsi ayaka. Amatenga paipi yachitsulo, amaiwotcherera kunkhwangwa, n'kukuuzani kuti vuto latha mpaka kalekale: siguluka, sithyoka, chiswe sichiidya, ndipo aneba sangaibweze ili pawiri.

Zonsezo n'zoona. Chimene sakuuzani ndi ntchito ina imene mpini wamtengo unkagwira mwakachetechete, yomeza kugunda. Nkhwangwa ikamenya mtengo wouma, mphamvu ina imabwerera m'mbuyo, ndipo mtengo wa mpini unkaimwa isanafike m'manja. Paipi simeza kanthu, imangopereka uthenga wonse monga waulandirira. Mukatema kamodzi pachitsa cha muwanga, mumamva kuyambira m'zala, m'chigongono, mpaka m'mano a kumapeto. Amene adagula zoterezi mumawadziwira patali: mpini adaukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo Lamulungu kutchalitchi amapereka moni ndi dzanja lamanzere.