Tamandani Chitumbuwa, Ngwazi Yogwetsa Kwacha

Ulemu weniweni kuno kwathu timaupereka kumapeto kwa Ogasiti, pamene mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Umenewo uli ndi mwini wake ndipo sindiukhudza. Koma nkhokwe ikatha kupululidwa pansi pamatsala timaso ta chimanga, ndipo timaso ta ulemu timeneto ndatola kuti ndikatule kwa mkulu wina amene takhala tikumupeputsa zaka zonsezi. Mkuluyo ndi chitumbuwa. Zikachuluka, abale athu a ku Lusaka amazitcha vitumbuwa, koma mafuta ake ndi omwewo.

Ukulu wake ndidaudziwira m'minibasi, tsiku lina tikuchoka pa Katete Stores kulowera ku Sinda. Pafupi nane padakhala mayi wina wachikulire, meda ya chimanga ili pamiyendo. Kondakitala atatchula mtengo wa ulendo, mayiyo adayamba kuwerenga mavuto mmodzimmodzi ngati mikanda: ufa wakwera, saladi wakwera, sopo wakwera, kuchigayo nako akweza. Uku akulankhula, uku akunyema chitumbuwa chokulungidwa m'pepala lothothola m'kope la masamu, pepala litamwa mafuta mpaka manambala a kuseri kuonekera kuno.

Bambo wina wovala tayi, amene adakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, adatembenuka.

"Amayi, munthu wovutika sadya zitumbuwa. Mukudandaula bwanji milomo ili phuliphuli ndi saladi? Ndalama imeneyo mukadasunga."

Mayi uja adatafuna mosafulumira, nameza, napukuta zala pachitenje.

"Atate, mwafunsa bwino. Dikirani nditsirize kaye, kuti ndikuyankheni ndili ndi mphamvu."

Anthu adaseka mpaka kondakitala kuiwala chenji. Ine sindidaseke, chifukwa maso anga adali atatseguka. Zaka zonsezi ndinkafunafuna mfiti yodya ndalama za m'nyumba mwathu, osadziwa kuti imakhala m'beseni pafupi ndi siteshoni, itafunda kansalu koyera.

Onani umbuli umene ndidali nawo. Ndinkayesa kuti zinthu zidakwera chifukwa dziko lidalephera kubweza ngongole, monga zidachitikira mu Novembala 2020 pamene Zambia idaphonya kulipira madola 42.5 miliyoni kwa amene adatikongoza, kwacha n'kumangotsetsereka. Ndinkayesa kuti ndi mafuta a galimoto, amene boma lidasiya kuwathandizira mtengo mu Disembala 2021. Ndinkayesa kuti ndi chilala chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema adachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024, chitawononga mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga, ife amene tidazolowera kutapa m'nkhokwe n'kuyamba kuima pamzere wogula ufa. Ndinkayesa kuti ndi madzi a ku Kariba amene adatsika mpaka magetsi kusanduka mlendo wobwera pakati pa usiku, zigayo n'kumayendera dizilo. Zonsezo, bambo wa tayi adandiphunzitsa, ndi tiana. Mwini filimu ndi chitumbuwa cha K2.

Nanga munthu wamphamvu chotere tingamudutse osawomba m'manja? Zikomo a Chitumbuwa! Inu amene mulibe ofesi, mulibe galimoto, simudapondeko ku Bank of Zambia, koma mumagwedeza chuma cha mabanja kuyambira ku Vubwi mpaka ku Chanida. El Niño, mwini chilala chija, adachita kudikira kuti nyanja ya Pacific itenthe kuti atifikire. Inu mumangofuna mbaula, makala a K5 ndi poto wakuda.

Titenge choko tiwerengere, poti ulemu wopanda masamu ndi mphekesera. Mayi uja akadamvera malangizo n'kuleka chitumbuwa chake cha tsiku ndi tsiku, pamwezi akadasunga K60. Mu 2024 thumba la ufa wa bulekifasi la makilogalamu 25 lidadutsa K300. Ndiye kuti akadadziletsa miyezi isanu yathunthu, zitumbuwa 150 zikumuyang'ana iye n'kumayang'ana kumbali, thumba limodzi likadalowa m'nyumba. Banja la ana asanu likadalidya masabata awiri kapena atatu, kenaka n'kupuma pang'ono miyezi inayi ndi theka kudikira thumba lina. Kudikira kumeneko akatswiri amakutcha kusunga ndalama. A bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, amene mwezi ndi mwezi amawerengera zofunika za banja la anthu asanu, adapeza kuti ku Lusaka dengu lawo lidapitirira K10,000 pamwezi m'chaka chomwecho. Vuto limenelonso ndi laling'ono. Banjalo lingoleka kudya zitumbuwa 5,000 mwezi uliwonse, basi lalemera.

Koma ukulu wa chitumbuwa suli pa mphamvu pokha. Taonani kudzichepetsa kwake. Ndili mwana, chitumbuwa chinkadzaza dzanja, ndipo ukadya ziwiri unkafuna madzi ndi mthunzi. Pa 1 Januwale 2013 kwacha itadulidwa maziro atatu, icho chidalandira mtengo watsopano osadandaula. Fulawa atakwera, chidaonda. Saladi atakwera, chidaondanso. Lero chafika poti mwana wa giredi wani amachibisa m'chibakera. Mundiuze mkulu wina m'dziko muno amene zinthu zikavuta amayamba ndi kuchepetsa mimba yake. Ambiri amatiuza ife kuti timange lamba, iwo akuboola bowo latsopano kumapeto kwa lamba wawo. Chitumbuwa chokha ndicho chimamva ululu pamodzi ndi anthu ake. Amene akufuna kudziwa mmene chuma chikuyendera asavutike ndi mapepala a ZamStats. Apite pamsika ndi chingwe akayeze chitumbuwa m'chiuno.

Kumaso nako sikuti chidadalitsidwa. Chimatuluka m'mafuta chili ndi timichira ndi tinyanga, mbali ina chapsa, mbali ina chayera. Koma akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya chitumbuwa ndi fungo. Limadutsa pawindo la basi yochokera ku Chipata, n'kudzutsa munthu amene adalumbira kuti sagula kanthu mpaka ku Luangwa.

Musachione kukhala pansi, n'chodziwa maiko. M'thupi mwake muli shuga wa ku Nakambala, fulawa wa tirigu amene kuno ku Katete sitilima, yisiti ndi saladi. Nkhondo itabuka pakati pa Russia ndi Ukraine mu Febuluwale 2022, mitengo ya tirigu, mafuta a mpendadzuwa ndi fetereza idakwera padziko lonse, ndipo mayi wokazinga pa Sinda adaimva nkhondoyo m'poto mwake asadaone ndi mapu omwe. Chodabwitsa n'chakuti mpendadzuwa, soya ndi nsawawa timalima tokha kuno ku Katete. Zimachoka pamalole zili zotchipa, n'kubwerera m'mabotolo zitavala mtengo wa ku tawuni. Chitumbuwa chimasambira m'mafuta amenewo tsiku lililonse ndipo chinsinsicho chimachidziwa, koma pokhala chaulemu sichitchula munthu.

Chilinso ndi abale kunja. Mu 2017 mkulu wina wolemera wa ku Australia, Tim Gurner, adadzudzula achinyamata a kwawo kuti akulephera kugula nyumba chifukwa chowonongera ndalama pa buledi wopaka mapeyala ndi khofi wodula. Mwaona? Ku Melbourne mapeyala amagwetsa nyumba, pamene kuno timawagenda ndi miyala mumtengo. Dziko lililonse lili ndi chitumbuwa chake, ndipo kulikonse amene amachitulukira ndi munthu wokhuta.

Tsono tiyang'ane amene amadya thukuta la ngwazi imeneyi. Mayi wokazinga amadzuka tambala woyamba asadalire. Amakanda fulawa m'beseni, n'kuvundikira kuti afufume, n'kukoleza mbaula. Mafuta akayamba kuyimba amatapa ndi dzanja, n'kufinya kuti kamtanda katulukire pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kugwera m'poto kuti tswee. Pofika sikisi koloko ndowa yadzaza, iye maso ali psuu ndi utsi. Pa ndowa imeneyo ndi pamene pamachoka yunifolomu ndi makope, popeza ngakhale sukulu idakhala yaulere kuyambira 2022, nsapato sizidamve uthengawo. Pamenepo ndi pamene pamachoka ndalama ya chilimba, ndi K400 ija imene mlimi amaika kuti alandire fetereza wa FISP. Tikamvera bambo wa tayi tonse n'kuleka kugula, mayiyu adzapita kwa wa kaloba, ndipo tidzakhala tapulumutsa chuma cha dziko powonjezera wosauka mmodzi.

Wogula naye ndani? Ndi mnyamata wa njinga yonyamula anthu, amene wapalasa kuchokera m'mawa atakweza mayi, mwana ndi thumba la makala, ndipo nsima adzaiona usiku. Ndi mlimi amene wabwera kudzagulitsa thonje n'kupeza mtengo wosiyana ndi umene adamva. Ndi mwana amene wachoka kunyumba osadya phala. Kwa anthu amenewa chitumbuwa ndicho kadzutsa, ndicho nkhomaliro, ndiponso ndicho phwando. Pomwe ena amati ndi chakudya cha mwanaalirenji, iwo akudya chotchipa kuposa zonse chimene chingatseke dzenje la m'mimba mpaka dzuwa litapendeka. Mbale ya nsima ndi ndiwo pa lesitilanti imagula zitumbuwa khumi kapena kuposa. Munthu amene wasankha chitumbuwa wasunga kale ndalama, ndipo bambo wa tayi adayenera kumupatsa satifiketi.

Chisoni changa chili pa Kenneth Kaunda, amene adalamulira dziko lino zaka 27 koma nzeru imeneyi idamudutsa. Mu Juni 1990 mtengo wa ufa utakwera kuposa kawiri, ku Lusaka kudabuka zipolowe ndipo anthu adataya miyoyo. Pa 30 Juni Mwamba Luchembe adalengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, ngakhale zidatha m'maola ochepa, ndipo mu Okutobala 1991 Kaunda adagonja kwa Frederick Chiluba. Pa alangizi onse aja padalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti, tiyeni tiwanunkhize anthuwa m'zala, aliyense wonunkha saladi abwerere kwawo chifukwa alibe mlandu wodandaula. Kapena adadziwa chimene ife tayamba kuiwala, kuti mtengo wa ufa sufunsa zimene munthu wadya m'mawa.

Kuti ndisakhale ngati mboni yogulidwa, ndivomere kuti chitumbuwa chili ndi azisuweni a makhalidwe oipa. Alipo mowa umene umameza ndalama ya soya yonse m'sabata imodzi, bambo n'kubwerera kunyumba ndi nyimbo yokha. Kulinso kubetcha mpira pafoni, kumene kwadya njinga ndi mbuzi za anthu. Amenewo akaitanidwe pabwalo, ndipo ine ndidzakhala kumbali ya mayi ndi ana. Koma ngakhale chidakwa chikanena kuti ufa wadula, ufawo wadula ndithu. Mlandu wa kuwononga ndi wake, mlandu wa mtengo uli ndi eni ake, ndipo nyakwawa yanzeru siphatikiza milandu iwiri kuti umodzi ubise unzake.

Apa ndi pamene ntchito yaikulu ya chitumbuwa imaonekera, ntchito imene imachiyenereza mendulo. Chimapulumutsa anthu akuluakulu ku mafunso ovuta. Kufotokoza chifukwa chake malipiro aima pamene mitengo ikuthamanga kumafuna mutu, ndipo mwina kungakukhumudwitsire anzako a maudindo. Kuloza pakamwa pa mayi wosauka kumangofuna chala. Chitumbuwa chimasenza mlandu wonsewo osatsegula pakamwa, ngati mbuzi yolipira mlandu umene siidziwa. Ndipo amene amachiloza kawirikawiri ndi omwe aja amachokera ku misonkhano ya m'malodji, kumene teni koloko kuli tiyi ndi masamusa, masana nkhuku, madzulo alawansi. Anyani amasekana zikundu. Bambo wathu wa tayi, tisadafike n'komwe pa Sinda, adaimitsa minibasi kuti agule chakumwa chozizira ndi soseji, zimene mtengo wake ukadagula zitumbuwa za mpando wathu wonse. Mayi uja adangomuyang'ana n'kunena kuti, "Mudye bwino atate, musunge ya mawa."

Choncho ndikupempha kuti chitumbuwa chipatsidwe ulemu wake. Pamene Bank of Zambia idatulutsa ndalama zatsopano mu Malichi 2025, K2 ndi K5 n'kusanduka makhoini, idataya mwayi wojambulapo nkhope ya ngwazi imeneyi. Ulendo wina asadzaiwale. Ndipo inu amayi ndi atate a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, mukapeza K2 yotsala gulani chitumbuwa chotentha, mudye poyera, mupukute zala, kenaka mufunse mokweza chifukwa chake ufa, saladi ndi fetereza zadula. Munthu sachita kufa ndi njala kaye kuti aloledwe kudandaula.