Mlandu wa waya wa timitu tagolide

Khalani pansi, adzukulu inu, bwalo layamba. Wodandaula ndine, mboni ndine, woweruzanso ndine ndemwe.

Mlandu wake nawu. Mwalima kachewere m'chisanu cha ku Domue, mwagulitsa matumba pa Ulongué, ndalama n'kukazitaya pa waya wa sipika wa timitu tagolide. Ati besi tsopano ikumveka "yoyera". Yoyera! Inagwera m'matope liti?

Ife tinkavina nyimbo za Rádio Moçambique pa kawailesi ka Xirico, mabatire akafooka n'kuwayanika padzuwa, ndipo agogo anu aakaziwa anandilola popanda golide aliyense.

Tcherani khutu tsono. Ntchito ya waya ndi kudutsitsa magetsi, basi. Zofunika n'zitatu: akhale wa mkuwa, wonenepa bwino, wosatalika mopusa. Waya wa mkuwa wa 1.5 mm², wotalika mamita 5, pa sipika ya ma ohm 8, mphamvu imene amadya sikwana ndi 2 pa 100 yomwe. Makutu anuwo, ogonthetsedwa kale ndi mahedifoni, angaimve imeneyo? Mu 2007 mkulu wina wa ku America, James Randi, analonjeza madola 1 miliyoni kwa amene angasiyanitse ndi khutu lokha waya wa madola 7,250 ndi wina wotsika mtengo. Ndalamazo palibe anazitenga.

Waya woti muzimuopa ndi wina: wa aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Mupaleni ndi mpeni musanalipire. Akatuwa m'kati, dziwani kuti ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo magetsi sawadutsitsa bwino ngati mkuwa weniweni.

Nanga akuba mawu enieni mwawasiyiranji? Sipika yanu inang'ambika, munaimata ndi selotepi. Polumikiza munangopota ndi zala, pachita kubiriwira ndi dzimbiri. Voliyumu mumaikankha mpaka kumapeto, malata onse njenjenje, nkhuku zanga zaleka kuikira. Zonsezi mukuti azichiritsa golide?

Chigamulo nachi. Mawa ndikumangani chitenje kumaso mmodzimmodzi, mlongo wanu azisinthasintha mawaya mwakachetechete, nyimbo yomweyo, voliyumu yomweyo. Wotchula waya wagolide osaphonya ngakhale kamodzi, mbuzi yanga yathole ija ndi yake. Wophonya akapalira munda wanga wonse wa kudambo.

Makasu ndanola kale.