Khoti la m'minibasi

Khoti Lalikulu lili pa Chichiri, m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, koma ife okwera minibasi kuchokera ku Limbe timalidutsa titamaliza kale ntchito yake. Milandu timazenga titakhala anayianayi, bondo la mnzako lili m'nthiti.

Mlandu wa tsiku lina adauyambitsa ndi bambo wina wa tayi, foni ili m'manja. "Akuti phunziro la chipembedzo likhale lokakamiza m'sukulu zonse." Akutiwo ndani, palibe adafunsa. M'tauni muno uthenga wa pa WhatsApp safunsa kwawo.

"Achedwa nazo," adatero mayi a Mvano. "Ana a masiku ano kupatsa moni wamkulu manja ali m'thumba!" A Shehe kumbuyo adavomereza ndi mtima wonse. Awiriwa adagwirizana bwino zedi kuyambira pa Maselema mpaka pamene mtsikana wa yunifolomu adafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga buku lake likhala liti?"

Mudangoti zii.

Funsoli si lachilendo. M'chaka cha 2000 boma la a Bakili Muluzi lidafuna kuchotsa Bible Knowledge m'masekondale n'kuikapo Religious and Moral Education, phunziro lokhudza zipembedzo zingapo. Mipingo idakana kwamtuwagalu, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri adatsala. Aliyense m'minibasimo ankaikumbukira nkhaniyi, aliyense ngati mbali yake ndiyo idapambana.

"Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa chipembedzo ndi maganizo," adalengeza a tayi aja. "Mwana sakakamizidwa." Gawolo adalitchula molondola, koma mawu ake anali otumbwa moti anthu adakonda kulakwa kusiyana n'kuwavomereza.

"Kodi achimwene, ndinu loya?"

"Ayi, koma alamu anga amagwira kukhoti."

"Ntchito yanji?"

"Pageti."

Apo m'pamene Rasta wa pawindo adalowererapo. Adakumbutsa kuti mu 2023 Jaji Zione Ntaba ku Zomba adagamula kuti ana a madiredi aziloledwa m'sukulu za boma. "Ndiye kukakamizako ine ndikugwirizana nako, mayi. Ana anu nawonso adziwe za Haile Selassie, alembe ndi mayeso omwe."

Mayi aja adakokera chikwama chawo pachifuwa. "Ife tikunena za chipembedzo, bambo."

"Kodi si paja mumati ufulu?" adatero a tayi, osadziwanso kuti ali mbali iti.

Kondakitala, yemwe nthawi yonseyi theka la thupi lake linali kunja, adabweza mutu m'kati. "Makosana, phunziro limenelo ndi lofunika. Ine pa JCE Bible Knowledge ndidakhoza bwino kuposa masamu. Limamuwongola munthu."

Pa Ginnery Corner mayi a Mvano adatsika n'kutambasula dzanja.

"Mwana wanga, chenji changa chija."

"Chauta akubwezerani, mayi," adayankha mwaulemu, akumenya denga. "Tiye nayo, adalaiva!"