Land Rover Ndinagula Ndine, Koma Musandifunse Woyendetsa

Amuna a msinkhu wangawu tikadutsa zaka 40 aliyense amapeza chake chomupengetsa. Wina amayamba kuweta zinziri, wina amagula njinga yamasewera n'kumalawira nayo m'bandakucha atavala kakabudula kothina, wina amangoti waitanidwa n'kutsegula mpingo. Ine chondipengetsa chinali Land Rover yakale. Ndati ndiulule ndekha kuti nkhani imene yawanda ku Chilomoni kuno muimve kwa mwiniwake, poti oifalitsawo akumathiramo mchere wambiri. Zoti ndinalira, mwachitsanzo, n'zabodza. Unali utsi.

Ife tikukula, Land Rover inali galimoto ya boma. Apolisi amabwera pa iyo, odwala amanyamulidwa pa iyo, ansembe a kumishoni, a zankhalango ndi mabwana a m'minda ya tiyi onse amayenda pa iyo. Ikaima pamudzi, amuna ena amakumbukira mwadzidzidzi kuti kudimba kukufunika kuthirira. Ulemu umenewo ndi umene ndinkaufuna. Mbiri yake ndinailoweza pamtima: kuti inaonetsedwa koyamba mu 1948 pachionetsero cha magalimoto ku Amsterdam, kuti inkapangidwa ku Solihull, m'dziko la England, kuti maganizo ake anali a Maurice Wilks amene ankafuna galimoto yoti mlimi azilimira komanso kupitira kumsika. Anzanga a ku ofesi, kumene ndimawerengera ndalama za eni ake, ankathawa ndikangoyamba. Sipanala yokha ndi imene ndinali ndisanaigwirepo, kupatula ija yomangira bedi.

Ndinaipeza kuseri kwa Bvumbwe, kwa mdala wina amene anaigula kalekale ku esiteti. Inali Series III, mtundu umene unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, yaitali ija ya mainchesi 109, yotsegula kumbuyo, injini ya petulo ya masilinda anayi. Inaima pansi pa mtengo wa mapeyala, matayala ataphwa, penti itasuluka, koma bodi yonse yopanda ndi kadontho komwe ka dzimbiri.

Ndinali nditawerenga pa intaneti kuti munthu wochenjera akamagula galimoto yakale amatenga maginito. Ukawagunditsa pachitseko n'kumata, pamenepo ndi chitsulo. Akagwa, ndiye kuti anapakapo fila kubisa mabala a ngozi. Ndiye ndinaswa sipika ya wailesi yakufa n'kubwera nawo m'thumba. Ndinawaika pachitseko, anagwa. Paboneti, anaterereka. M'mbali monse, chimodzimodzi. Ndinakweza mawu kuti ndi adzukulu omwe amene anatizungulira amve.

"Agogo, musandione taye m'khosimu n'kumati ndine wogona. Galimoto yonseyi ndi fila yekhayekha."

Mdalayo anandiyang'ana mwachifundo. "Bambo, ameneyo ndi aluminiyamu. Maginito sagwira aluminiyamu."

Chowawa n'chakuti zimenezi ndinkazidziwa. Ndine amene ndinkatopetsa anthu ku ofesi ndi nkhani yoti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha chitsulo chinkagawidwa mopimira ku Britain, n'chifukwa chake bodi ya Land Rover anaipanga ndi aluminiyamu wotchedwa Birmabright. Adzukulu aja anayamba kugwa ndi phwete. Manyazi anandigwira moti chimene ndinkangofuna n'kuchokapo msanga ndili ndi kaulemu pang'ono, ndipo njira yokhayo imene ndinaiona inali kutulutsa ndalama osanenerera. Pansi pa galimoto sindinasuzumirepo. Ndikanagwada bwanji pamaso pa ana amene akundiseka kale?

Ndinachita hayala lole ya mchenga kuti itikoke. Tisananyamuke, mdala uja analowetsa mutu m'galimotomo, n'kukankha kanthu kena pansi. "Ndaika pakati kuti mukoke bwino. Mukakafika mukabwezere."

"Ndikudziwa, agogo," ndinatero.

Chingwe ndinamanga ndekha, kubampala. Tinayenda bwino mpaka pa Chigumula, pamene lole ija inachepetsa liwiro kenako n'kudzuka mwamphamvu. Ndinangomva kuti gwa, ndipo ndinaona bampala yanga ikupita ku Limbe, ikuthetheka moto pamsewu, itatenga ndi nsonga zonse ziwiri za chasisi. Ine ndinatsala pakati pamsika, manja ali pachiwongolero. Mayi wina wa mbatatesi anandifunsa ngati ndikudikira okwera. Tinamanganso chingwe ku ekiselo, ndipo tinafika kunyumba usiku, chinthu chokhacho chimene chinandiyendera bwino tsikulo.

Kutacha, mayi akunyumba anaizungulira kamodzi, manja ali m'chiuno.

"Bambo a mwana, malata athu aja ndi amenewa?"

Ndalamazo tinkasungiradi malata a nyumba ya kumudzi. Ndinayankha kuti inde, ndipo awa ndi a aluminiyamu, sachita dzimbiri. Nsima ya tsiku limenelo ndinadya yozizira.

Wowotcherera wa ku Ndirande atabwera, sanayang'ane n'komwe bodi yanga yokongolayo. Anayala katoni, n'kulowa pansi ndi sikuludiraiva. Paliponse pamene amabaya, imalowa mpaka m'chigwiriro, ndipo zimayoyoka ndi dothi lofiira la ku Thyolo losakanikirana ndi zimene kale zinali chitsulo. Chasisi cha Land Rover ndi chitsulo chowotcherera chamkati mwa mphako. Matope akalowa satuluka, amangokhala mmenemo ndi chinyezi chaka ndi chaka, kudya kuchokera mkati. Chitsulo cholekanitsa injini ndi pokhala anthu nacho chinali chitaola pansi popondera, moti mphasa ya labala ndi imene inkaletsa mapazi kukhudza msewu.

"Bwana," anatero ali chigonere pansipo, "chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Apa bodi yonse ichoke kaye. Ndipo thanki ya petulo ili pansi pa mpando wanuwo. Moto sindiyatsa isanachoke, ndili ndi ana."

Kumasula bodi ndinati ndichita ndekha, poti ntchito yonseyi ndinaiyambira kuti manja anga adziwe girizi. Ndinagula bokosi la masipanala ku Limbe, onyezimira, a mamilimita. Palibe anandiuza, chifukwa palibe ndinamufunsa, kuti mabawuti a galimoto imeneyi ndi a mainchesi, ndipo ena ndi a muyezo wakale wa Angerezi wotchedwa Whitworth. Mutu wa theka la inchi ndi mamilimita 12.7. Sipanala ya 12 sinkalowa, ya 13 inkalowa mokhwepa, ndipo ndikakoka mwamphamvu imadya makona onse mpaka bawuti kusanduka yobulungira. Pamene bawuti yachitsulo yakhudzana ndi aluminiyamu kwa zaka zambiri pamapangika kaufa koyera kamene kamamatiriza ziwirizo mpaka kalekale. Zala zanga zinatha khungu. Ku ofesi ndinkalemba malisiti ndi mabandeji.

Zomasulazo ndinkaponya m'zitini za majarini, osalemba kanthu, podalira mutu wanga. Ana a pamudzi anapezapo manati okongoletsera magalimoto awo amawaya, ndipo kunena zoona awo anayamba kuyenda yanga isanayende.

Za ogula zitsulo zakutha ndinene mwachidule, pakuti zimandiwawabe. Ndinaunjika milu iwiri pabwalo, wina wa zotaya, wina wa zosunga. Popita kuntchito ndinauza mwana wa mlongo wanga amene timakhala naye kuti ogula aja akadutsa agulitse mulu wa kumanzere. Ine ndinanena nditaima pakhomo la nyumba. Iye anaima pageti. Madzulo anandilandira mosangalala: "Amalume, akuti aluminiyamu ndi wodula, alipira bwino!" Chitseko chakumbuyo ndi phiko limodzi lakutsogolo zinali zitapita. Ndinalondola mpaka kwa osungunula mapoto, kumene anandionetsa mwaulemu mzere wa mapoto atsopano n'kundiuza kuti ndisankhe imene ndikuizindikira. Mayi akunyumba anakagula imodzi, ndipo mpaka lero alendo akabwera amawauza kuti nyemba zaphikidwa mu Land Rover.

Chasisi chitawotchereredwa, mabuleki atakonzedwa ndi makaniko amene anandiletsa kuyandikira, ndinatsala ndi injini. Iyi ndiye ndinati ndi yanga. Ndinathira dizilo m'mabowo a mapulagi kuti mapisitoni amasuke, ndinagula mapulagi atsopano ndi mapointi, ndinatsuka kabuleta. Pobwezera mawaya a mapulagi ndinachita mmene munthu aliyense wowerengera ndalama angachitire: 1, 2, 3, 4. Injini imeneyi imawomba motsatana 1, 3, 4, 2. Itakana kulira, ndinathira petulo pang'ono kukamwa kwa kabuleta, n'kuweramira pomwepo kuti ndione bwino, n'kuuza mnyamata uja kuti apotokole kiyi. Lawi linatuluka ndi phokoso loti agalu a mzere wonse anayankha. Apa m'pamene panachokera nkhani ya kulira ija. Lamulungu lake ndinawerenga mawu kutchalitchi ndilibe nsidze, ndipo amayi a chigwirizano ankangoyang'ana pansi mapewa akugwedezeka.

Koma injini ija inadzalira. Tsiku limene inalira bwinobwino, mosadukiza, ndinaiwala zonse. Ndinaitana aneba. Ndinakwera, kuponda kilatchi, kulowetsa giya yoyamba, kusiya kilatchi pang'onopang'ono. Injini inabangula, galimoto chiimire. Yachiwiri, chiimire. Yobwerera m'mbuyo, chiimire. Aneba anayamba kubalalika mmodzimmodzi, wina akuti wasiya madzi pamoto.

Ndinagamula kuti kilatchi yatha. Kuti ufike pa kilatchi ya galimoto imeneyi umachotsa mipando, bokosi lonse la pansi pa mipando ndi pansi popondera, kenako giyabokosi umaikokera m'mbuyo kapena kuitulutsira pachitseko ndi anthu amphamvu. Ndinachita zonsezo. Ndinachonderera msuweni wanga wa ku Johannesburg kuti anditumizire kilatchi yatsopano pabasi, ndipo mvula inayamba n'kutha ndikudikira. Koma tsopano ndinali nditaphunzira. Ndisanamasule chilichonse ndinkachijambula ndi foni, kuti ndidzachibwezere ndendende mmene ndinachipezera. Ndipo ndinabwezeradi chilichonse mmene chinaliri. Kilatchi yakale ija, nditaitulutsa, inkaoneka yabwinobwino, koma ndinadziuza kuti matenda ena saoneka ndi maso.

Ndinaliza, kulowetsa giya, kusiya kilatchi. Chiimire.

Sabata imeneyo kunabwera apongozi aamuna kuchokera ku Mulanje. Iwowa anayendetsa magalimoto a ku minda ya tiyi moyo wawo wonse, ndipo ichi n'chifukwa chenicheni chimene ndinkawabisira ntchitoyi: mkamwini safuna kuoneka mbuli pamaso pa amene anamupatsa mkazi. Atamwa tiyi anatuluka, kuizungulira, kuisisita paboneti.

"Apongozi, tabwereka kiyi."

Anakwera, kuliza, kumvetsera injini mutu atapendeketsa. Kenako anatambasula dzanja lamanzere pansi, n'kukankhira kutsogolo kandodo ka mutu wofiira. Anasiya kilatchi, ndipo Land Rover yanga inatuluka pageti, n'kukhota, n'kupita.

Atabwerako anandifotokozera modekha, mwana wawo ali pakhonde akumva. Kupatula ndodo ya magiya, pali zina ziwiri. Yofiirayo ikakhala kutsogolo ndi yoyendera masiku onse. Ukaikokera m'mbuyo galimoto imayenda pang'onopang'ono koma ndi mphamvu zokwera phiri, matayala onse anayi akukoka. Ikakhala pakati, mphamvu ya injini sifika kumatayala. Pamenepo amaika pokoka galimoto, kapena akafuna kuti injini iziyendetsa makina ena monga macheka galimoto itaima. Mawu a mdala wa ku Bvumbwe anandibwerera onse, ndi yankho langa lomwe. M'zithunzi za mufoni mwanga kandodo kaja kanali pakati, ndipo ndinakabwezera pakati mosamala kwambiri.

"Nanga yachikasuyo?" ndinafunsa ndi mawu aang'ono.

"Imeneyo mukaidina, matayala onse anayi amakoka muli pa liwiro. Ndi ya m'matope."

Mapepala atatheka, ndinaganiza zokonza mbiri yanga pokawaona ku Mulanje ndikuyendetsa ndekha. Kunkawaza kamvula, ndipo ndinaona madzi ochepa pamsewu potuluka mu Limbe. Ndinadina yachikasu. Munthu wavutika chonsechi ndi galimoto yokoka matayala anayi, aziyendanso ndi awiri? Zoti galimoto imeneyi ilibe chogawa liwiro pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, moti pa tala youma zitsulo zimapotana zokhazokha pakona iliyonse mpaka china chigonje, ndinadzazimva pambuyo pake. Dzuwa linawala, msewu unauma. Chiwongolero chinayamba kulemera, matayala kulira m'makona, ine n'kumati ndiyo mphamvuyo. Kenako kumbuyo kunamveka kuti phwa. Ndinadikira kuti iime, koma inapitirira kuyenda, mopepukanso kuposa kale. Ndinayamba kuimba nyimbo.

Apongozi anatilandira pabwalo, n'kusuzumira mkati. Maso awo anaima pa kandodo kachikasu.

"Mwadina kuchokera pati?"

"Ku Limbe."

Anavula chipewa n'kukhala pansi pakhonde. Atapuma, anakwera, kukokera yofiira m'mbuyo n'kuibwezera kutsogolo, yachikasu n'kudumphira m'mwamba. Analowetsa giya, kusiya kilatchi. Injini inabangula, galimoto chiimire.

"Yofiirayo ili pakati," ndinawathandiza.

Sinali pakati. Shafuti ya tayala limodzi lakumbuyo inali itaduka, ndipo ndinafika ku Mulanje ndikukokedwa ndi matayala akutsogolo okha.

Usiku umenewo kunali kukambirana kwa pabanja kumene ine sindinaitanidwe. Chigamulo chinali choti galimoto itsale kaye komweko apongozi aikonze, poti amadziwa anzawo akale amene amasunga zitsulo zoterezi kuseri kwa nyumba. Inakonzedwadi. Pano imanyamula nanazi kupita kumsika, chimanga kupita kuchigayo, ndipo pamaliro aliwonse a m'mudzimo imakhala patsogolo. Anthu amaitchula kuti Land Rover ya amadala. Ine mbali yanga ndi kutumiza ya petulo mwezi ukatha, ndiponso ya malata, amene tinayambiranso kusungira.

Ulendo wapitawu tinakumana nawo pamsika, ndipo ndinalimba mtima kupempha kuti ndiyendetseko kukafika kunyumba. Anandiyang'ana, kuyang'ana msewu, kuyang'ananso ine.

"Apongozi, msewu uno ndi woipa, umafuna munthu woidziwa galimotoyi. Kwerani kumbuyo, mugwire mbuzi isadumphe."

Ndinagwira mbuzi.