Njiwa za kwa Ngokwe sizindiopa

Nkhuli ilibe mankhwala kuchipatala. Kuno kwa Ngokwe Mulungu anatipatsa nyanja ya Chiuta, moti matemba, makumba ndi milamba sitisowa kwenikweni, koma limafika tsiku loti m'kamwa mukufuna chinthu cha nthenga kapena cha ubweya. Anzathu a m'mbali mwa msewu wa ku Balaka amathana nayo ndi mbewa za pampani. Kuno ambirife mbewa sitidya. Nkhuku zilipo pakhomo, inde, koma mayi akunyumba anazigawa kale ntchito: iyi ndi ya alendo, iyi ya fizi, iyi ya pa Idi, tambalayu ndi wotchi. Ukangoyang'anitsa kukhola umamva akufunsa kuti, "Kodi bambo, mwataya chiyani uko?" N'chifukwa chake amuna a msinkhu wanga, ine patsogolo, timalota mfuti ya mpweya.

Tili anyamata tinkathana ndi njiwa ndi legeni, ulimbo ndi madiwa. Koma munthu wa imvi kundevu ukamayenda ndi legeni m'khosi, anthu amayamba kuchitira chisoni ana ako. Gogodela wa azigogo athu nayenso si wa masiku ano: amafuna onga, ndipo nthawi zina amasankha yekha mbali yophulikira. Mfuti ya mpweya ndiye yaulemu. Ilibe onga, ilibe moto, imangokankha kachipolopolo ka mtovu ndi mphepo yopanikizidwa. Ndipo si choseweretsa chadzulodzulo ayi. Cha m'ma 1780 asilikali a dziko la Austria ankanyamula mfuti za mpweya zotchedwa Girandoni popita kunkhondo. Mfundo imeneyi ndinaigwiritsa ntchito kunyumba popempha ndalama za nandolo. Anandiyankha kuti asilikaliwo ankalandira malipiro.

Katswiri wathu pankhaniyi ndi alamu anga, amene anakhalitsa ku Joni akusamalira maluwa kwa bwana wina wokonda kuwombera. Iwo anandikhazika pamkeka n'kundiuza kuti mfutizi zili m'magulu. Pali ya sipuling'i, yomwe umaithyola pakati, kuika kachipolopolo, kuiwongola, basi yakonzeka. Pali ya PCP, yokhala ndi kathanki komwe umadzazamo mpweya wambiri n'kumawombera kambirimbiri osathyola kanthu. Imeneyi ndiyo yolunjika koposa chifukwa sigwedezeka powombera. Pali inanso yodya timabotolo ta gasi wa CO2, timene tikatha umafunika kukagula tina.

Ine mtima unathamangira ku PCP. Alamu anandifunsa kuti mpweya wake ndikautenga kuti. Ndinawaloza pampu ya njinga yomwe ili kuseri kwa chitseko. Anaseka mpaka kutsokomola. Kathankiko kamafuna mpweya wofika pa bar 200, pamene tayala la galimoto yaing'ono limakhuta ndi bar ziwiri ndi pang'ono. Pamafunika pampu yakeyake, yodula payokha, ndipo timalabala ta m'kati tikayamba kutaya mpweya palibe mmisiri wa pa Nselema kapena pa Ntaja amene angakuuze zoona. Ya gasi nayo ndi chimodzimodzi: timabotolo take sitipezeka pagolosale ya m'mudzi. "Alamu," anatero, "munthu wa kwa Ngokwe agule mfuti yodya mphamvu ya m'manja mwake. Sipuling'i ndi chikopa kapena pulasitiki ya pisitoni zikatha, zimasinthika."

Kenako inabwera nkhani ya kukula kwa bowo. Zofala ndi ziwiri: ya 4.5 mm, imene pabokosi amalemba .177, ndi ya 5.5 mm, yolembedwa .22. Yaing'onoyo kachipolopolo kake n'kopepuka, kamathamanga ndipo sikagwa msanga, choncho munthu wosadziwa kuyeza mtunda ndi maso imamukhululukira. Yaikuluyo kake n'kolemera, kamayenda mokhota chogwera pansi, koma kakafika kamamenya ndi mphamvu, ndiye imayenera kalulu ndi nkhwali. Ndinafunsa yoyenera ntchenzi yonenepa ija imatha mpunga kudambo. Anandiuza kuti ndiyambe ndaphunzira kulasa chitini.

Anatchulanso maina odalirika: Diana ndi Weihrauch za ku Germany, BSA ya ku Birmingham, Gamo ya ku Spain, Hatsan ya ku Turkey. Maina onsewa ndinawasunga bwino m'mutu kuchokera pakabaza mpaka m'minibasi, kudutsa Ntaja, kudutsa Liwonde. Nditafika m'tauni n'kumva mitengo yake, anauluka onse nthawi imodzi.

Pamenepo ndiye maso anagwera pa ina yake, yomwe dzina lake ngakhale wogulitsayo ankalitchula mosiyanasiyana. Koma kukongola kwake, abale! Thabwa lonyezimira, kagalasi koonera patali pamwamba, ndipo pabokosi pali chithunzi cha chinyama cha nyanga ndi nambala yaikulu yofiira: 1000. Wogulitsa anati amenewo ndi mafiti amene kachipolopolo kamayenda pa sekondi imodzi. Ine wa Sitandade 8 yakale ndinaona kuti njiwa ya kwa Ngokwe singathamange chotero. Ndinalipira osanenerera kwambiri.

Alamu ataiona anangoti, "Chikomekome cha mkuyu." Anandifotokozera kuti manambala a pabokosi nthawi zambiri amawapeza poyesera ndi tizipolopolo topepuka kwambiri timene mlenje sagwiritsa ntchito. Ndiponso liwiro lokhalokha si dalitso. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndipo kachipolopolo ka mfuti ya mpweya, kaja kokhala ndi chiuno pakati ndi siketi kumbuyo, kakayandikira liwiro limenelo kamayamba kupepeluka. Ku England ndi ku Wales mfuti ya mpweya imene munthu amasunga popanda laisensi sipitirira mphamvu ya 12 foot-pounds, koma ndi yomweyo alenje akumeneko amagwetsera akalulu. Chofunika n'choti mfuti ibwereze pamene yamenya. Ukawombera kasanu utaloza malo amodzi pa mtunda wa mamita 20 kapena 25, timabowo tonse tibisike pansi pa kandalama kachitsulo. Ikatero, ngakhale ikumenya kumbali, umangokonza choonera. Ikamamwaza, ngakhale ikhale ndi liwiro la mphezi, ndi ndodo yodula chabe.

Tinakhoma pepala pachulu kuseri kwa nyumba, pomwe kumbuyo kulibe njira ya anthu, ndipo ana tinawathamangitsira kwa agogo awo. Zotsatira zake ndikuuzani mosabisa, chifukwa mudzi wonse ukuzidziwa kale. Papaya wa kumanzere analandira gawo lake. Ndowa yakale ya kumanja inalira mokoma ndithu. Pepala linatuluka lopanda banga, moti mwana wanga analitenga n'kukalembapo masamu. Pofika madzulo thadzi lija la alendo linali litakhala phee pansi penipeni pa pomwe panali pepala, litazindikira kuti pabwalo ponse malo otetezeka ndi amenewo. Ine ndikuti vuto linali mphepo ya kunyanja. Alamu akuti tsikulo masamba sankagwedezeka.

Apa ndiye ndinamva chinsinsi cha mfuti ya sipuling'i. Ukakoka kowombera, pisitoni imathamangira kutsogolo, mfuti n'kudumphira kumbuyo kenako kutsogolo, kachipolopolo kasanatuluke. Ukaifinya mwamphamvu lero, mawa mofooka, kapena ukaitsamiritsa pamtengo wouma, imamenya malo osiyanasiyana. Imafuna kugwiridwa monga umagwirira dzanja la apongozi: mwaulemu, mosafinya, ndiponso mofanana nthawi zonse. Ine ndinkaikumbatira ndi mphamvu zonse za munthu wolima mpunga, maso onse awiri nditatsinzina. Kudumpha kwa mbali ziwiri komweko ndiko kumapha timagalasi totchipa. Kanga kanayamba kulira chekecheke m'kati, mizere yake n'kupendekeka, moti poyang'anamo ndinkaona njiwa ziwiri pamene pali imodzi. Ndinkasankha yonenepayo.

Poona kuti mfuti ikuuma, ndinaichitira chifundo chomwe ndimachitira tcheni cha njinga: ndinadontheza mafuta ophikira pakabowo ka mpweya. Kuwombera kotsatira kunamveka phaa! mpaka kudambo, utsi uli tolo, fungo la zitumbuwa zopserera lili ponseponse. Agalu anauwa, amfumu anatuma mnyamata kudzafunsa. Ine ndinali wokondwa kuti tsopano mfuti yapeza mawu. Alamu anagwira kumutu. Mpweya ukapanikizidwa mwadzidzidzi umatentha kwambiri, ndipo mafuta akakhalapo amayaka, ndendende mmene injini ya dizilo ya chigayo imagwirira ntchito. Kuphulika kumeneko kumawotcha chotsekera cha pisitoni ndi kufooketsa sipuling'i. Anandiletsanso kuiwombera yopanda kachipolopolo pofuna kuopseza akhwangwala, chifukwa pisitoni imakamenya chitsulo popanda choibweza.

Tizipolopolo natonso tili ndi nkhani yake. Mfuti iliyonse ili ndi mtundu umene imagwirizana nawo, ndipo umaudziwa poyesa. Ta mutu wozungulira ndito timayenda bwino patali. Tosongoka timaoneka taukali m'chitini chabe. Topindika siketi n'totaya. Ine pofuna kusunga ndalama ndinkatola takale pachulu n'kumatiwongola ndi mano, mpaka alamu atandikumbutsa kuti mtovu ndi poizoni, suyenera kulowa m'kamwa, ndipo ukapha mbalame uyenera kukachotsa m'nyama usanaphike. Langizo lachiwirili sindinafikebe poligwiritsa ntchito.

Ndimapita kutchire monga mlenje weniweni: kulawira m'mamawa, mpeni wonola bwino m'thumba kuti mbalame ikagwa ndiizinge mwamwambo isanafe. Mpeniwo wasenda mango ambiri. Njiwa za kuno zinandiphunzira. Mwana wa legeni akatulukira, zonse balala! Ndikatulukira ine ndi mfuti yanga yonyezimira, zimangosendera pang'ono panthambi kuti zione bwino. Nkhanga ndiye sindiziwerengera n'komwe. Zimaona munthu ali kutali kuposa pomwe mfuti ya mpweya imafika ndi mphamvu, ndipo nthenga zake n'zolimba. Alamu amati kupitirira mamita 30 usayese, ungovulaza cholengedwa cha Mulungu kuti chikafere kutali, iwe osadya, icho osakhala moyo. Amati mlenje wa mfuti yotere ntchito yake yaikulu ndi kukhala chete pafupi ndi pomwe mbalame zimamwera madzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ine ndikakhala chete nthawi yaitali ndimagona.

Tsono pali mbali ina yomwe siseketsa. Zakuti ku South Africa mfuti ya mpweya ya bowo losafika 5.6 mm safunsa laisensi, zimenezo n'za kumeneko. Musauze m'bale wanu kuti aikulunge m'bulangete n'kuilowetsa m'basi, akavutika nayo pachipata cha Mwanza. Kuno nkhani za mfuti zili m'manja mwa apolisi, ndipo munthu wanzeru amayamba wakafunsa kupolisi asanatulutse ndalama. Kusaka nako kuli ndi eni ake, a nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire, amene amapereka ziphaso, kuphatikizapo cha mbalame. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Nkhalango ya Liwonde, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, ili ndi mpanda ndi asilikali ake. Kumeneko ngakhale ine wosalasa kanthu akhoza kundimanga chifukwa cha cholinga chokha. Kwa anansi athu a ku Chilwa, nyanja yomwe inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 1997, alenje a mbalame ali ndi magulu awo ndi nyengo zoletsa kusaka, chifukwa mbalame zikamaswa n'kumaphedwa, mawa kulibe ndiwo. Ndipo kamfuti aka tisakaderere. Kamaboola diso, kamapha mwana. Sikalozedwa kwa munthu ngakhale mocheza, sikasungidwa kali kotchera, ndipo poika kachipolopolo dzanja lina ligwire mpope, apo ayi ubwerera n'kukudula chala.

Mayi akunyumba anachita masamu awo. Anaphatikiza mtengo wa mfuti, thiransipoti, zitini za tizipolopolo ndi ndowa yatsopano, n'kupeza kuti ndalamazo zikanagula nkhuku zoti nkhuli yanga ikhale chete mpaka mvula ya chaka chamawa. Ndinawauza kuti ulenje suwerengedwa choncho. Anavomera, nati n'zoona, chifukwa pa ulenje pamakhala nyama.

Choncho inu amene nandolo wakuyenderani bwino ndipo mtima ukukuitanirani kumfuti, imvani za munthu amene analipira sukulu yake ndi thumba lake. Yambirani kupolisi. Sankhani ya sipuling'i ya dzina lodziwika, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, bola mpope wake usagwedere ndipo kowombera kake kasakhale kolimba. Nambala ya pabokosi isiyeni pabokosi pomwepo. Kagalasi kadikire, yambani ndi choonera chachitsulo. Musanaloze chamoyo chilichonse, malizani chitini chathunthu papepala. Timabowo tikakana kusonkhana pamodzi, musavutitse njiwa: pitani kudooko mukagule makumba, mulowe nawo pakhomo masana anthu akuona.