Kamera yoona mpaka chipsera

Pa Nchalo masiku ano golosale yopanda kamera siiwerengedwa. Ine yanga ndinali nayo kalekale, ya mtundu uja wolembedwa 700TVL pakatoni. Inkasonyeza ndithu kuti padziko pali zamoyo. Koma kuti chadutsacho ndi mwamuna, mkazi kapena mbuzi ya aneba, pamenepo pankafunika sing'anga. Shuga atayamba kusowa pashelefu, wapolisi anaonera kanemayo mofatsa n'kundiuza kuti, "Bambo, ife mizukwa sitimanga."

Kuberedwa shuga pa Nchalo, minda ya nzimbe ya Illovo itatizinga mbali zonse, n'chipongwe chosapiririka. Ndinakwera minibasi, kudutsa pa Thabwa, kukwera mapiri aja mpaka ku Limbe.

Mnyamata wa m'sitolo anandiyalira makatoni: 2MP, 5MP, 8MP. Ine pa manambala sindichita manyazi, ndinaloza ya 8. Iye anafunsa, "Bwana, DVR yanu ndi yotani?" Ndinamuyankha kuti ndi yakuda.

Anandipatsa mpando. Akuti makamera atsopano a analogiwa amayenda pa waya wakale yemwe uja wa coaxial, palibe chosasulira denga, koma aliyense ali ndi chilankhulo chake: pali AHD, pali TVI ya Hikvision, pali CVI ya Dahua. DVR yakale siimva ngakhale chimodzi, ukalumikiza sikirini imangoti bii. Yatsopano nayo uziiwerenga bwino, chifukwa yolembedwa 1080N imasunga theka lokha la madontho a chithunzi cha 2MP, kaya kamera wagula yodula bwanji. Ndiye pali disiki. Chithunzi chikamaoneka bwino disiki imadzaza msanga, za sabata yatha zimafufutika iwe usanawerenge n'komwe katundu. Ndinatuluka ndi kamera ya 5MP, DVR yatsopano, disiki ya 1TB, ndi ndalama ya minibasi yongokwanira kufika pa Dyeratu.

Za kuno kuchigwa mnyamata uja sazidziwa. Usiku kamera imayatsa timagetsi take ta infrared, ndipo tizilombo tonse ta m'mbali mwa Shire timabwera ku msonkhano. Kangaude anamva za msonkhanowo, anatchera ukonde pagalasi penipeni. Ndili ndi kanema wake wabwino zedi, miyendo yonse 8 ikuwerengeka. Mu Okutobala kutentha kukapitirira madigiri 40, DVR imabuula pansi pa malata. Magetsi akazima zonse zimagona, wotsala maso ndi wakuba yekha. Ife amene tinaona mdima wa 2022, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira, sitichita kuuzidwa, choncho batire ndi inivetala zinadyanso phindu la mwezi wathunthu.

Wa shuga anaoneka sabata yoyamba yomwe, nkhope yonse mbee. Anali alamu anga. Nkhani inathera pa "tikambirana kunyumba", ndipo mpaka lero tikukambirana.

Pasiwedi ya DVR amasunga ndi mayi a kunyumba, poti mutu wanga uli ndi zambiri. Tsiku lina m'mawa anandiitana mokoma mosazolowereka: "Bambo a Chikondi, tabwerani mudzaone wakuba wina." Pasikirini, nthawi ili 11 koloko usiku, mwamuna wovala chitenje m'chiuno akutsegula filiji, akugugudiza Fanta, akutenganso yachiwiri. Dazi likung'anima.

Ndinati chithunzicho sichikuoneka bwino kwenikweni. Iwo anachikulitsa mpaka chipsera cha pachipumi chimene ndinachipeza pogwa panjinga ku Ngabu.

Panopa akufunsa mtengo wa ya 8MP. Akuti iloze pakabati ya ndalama.